Mkono wa Apongozi Anga

"Makiyiwo anakupatsa ndani iweyo?" anafunsa alamu anga a Marjorie, chikhoti asanavule n'komwe.

Amuna anga a Biswick anayankha kuti makiyiwo ndi a Petulo yemweyo, kungoti mpingo unasochera atumwi atangotha kumwalira, ndiye Petulo anachita kubwereranso pansi pano kudzawapereka kwa mneneri wa ku America. A Marjorie anaseka kamodzi kokha. Anati Petulo sanatayepo makiyi, anasiyira Papa, Papayo nasiyira Papa mnzake, mzere wosaduka zaka zikwi ziwiri, ndipo ngati Petuloyo anapitadi ku America ndiye kuti anangopita kokayenda.

Linali Lamulungu masana, chaka cha 2006, m'fulati mwathu ku Edmonton. Ine Rabecca ndinali kukhitchini ndikukazinga nkhuku, chitseko chili chotsegula. Makiyi ankalimbiranawo ndi a ufumu wakumwamba. A chitseko chathu chakumaso, amene anasowa Lachinayi, panalibe amene ankawafunafuna.

A Biswick analowa mpingo wa Amomoni zaka zitatu m'mbuyomo, atakumana ndi eni mpingowo pa siteji ya basi. Ine wa CCAP ndinangotsatira kuti m'nyumba mukhale mtendere. Anandimiza m'madzi, ndinavuuka, basi. Mpingowo umaletsa tiyi, ndiye wanga ndimamwera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira mashifiti. A Marjorie ndi achemwali awo a Biswick, oyamba kubadwa, namwino pachipatala chachikulu, ndipo amakhala ku Tottenham. Iwowo Chikatolika chinawalowa mpaka m'mafupa, moti ngakhale pokwera basi amayamba achita chizindikiro cha mtanda.

Mkangano wa tsikulo unali wa munthu wakufa. Bambo awo, malemu Rowland Chisenga, anakhala katekisiti zaka makumi atatu ku Dedza, ndipo panali patatha chaka ndi miyezi itatu chimwalirireni. Kwa Amomoni munthu wamoyo amatha kubatizidwa m'malo mwa wakufa, ndiye amuna anga ankafuna kupita kukachisi wa ku Surrey kukamizidwa m'dzina la bambo awo. Ankati malemuwo sanabatizidwepo, anangonyowa pamphumi ali khanda. A Marjorie ankati ku Roma ananena kale kuti ubatizo wathuwo ndi kusamba chabe, koma ngakhale kusambako sangalole kuti kukhudze katekisiti. Chimene chinawamanga miyendo onse awiri chinali chimodzi. Bishopu wathu anali atauza a Biswick kuti popanda chilolezo cha mkazi wa malemu, dzinalo silipita kulikonse.

Mkazi wa malemuyo anali pomwepo pasofa, pakati pawo, kolona ili kudzanja lamanzere. Apongozi anga a Effie tinawaitanitsa maliro atatha kuti adzatithandize kulera ana. Tsiku limenelo ana awo anakangana kuyambira nkhuku ili yaiwisi mpaka itapsa, uyu kuloza mayi, uyo kuloza mayi, koma wowafunsa panalibe.

Ine zimenezi zinkandiwawa, chifukwa ndinkadziwa chinthu chimene eni akewo ankachita ngati sakuchidziwa. Mkono wamanja wa apongozi anga suwongoka. Unapindika pachigongono n'kuumira pomwepo, ndipo pabanjapo amati anagwa panjinga. Loweruka lililonse ndimawakhula kumsana posamba, poti okha safikira, ndiye tsiku lina ndikuwapaka sopo ndinafunsa kuti njingayo inali ya mtundu wanji. Anati njinga sanakwerepo chibadwire, unali musi umene malemu anawamenya nawo. Khutu lakumanzere, lomwe silimva, inali mbama ya tsiku la Khirisimasi. Anandiuza zonsezi ngati akundiuza kuti kunja kukugwa mvula. Anati anathawira kwa alongo awo katatu, ndipo katatu konseko ankhoswe ndi akuluakulu anawabweza, ati ukwati womangidwa paguwa umamasuka ndi imfa basi.

"Ndiye ndinayamba kudikira imfa," anatero, "yanga kapena yawo. Inafulumira ndi yawo. Khulani cha kuphewaku."

Lolemba lotsatira mkanganowo a Marjorie anabwera ndi chithunzi cha mwala wa pamanda a malemu. Chimwala chachikulu chakuda, chogawa pakati, kumanzere dzina la a Chisenga ndi masiku awo, kumanja kosalemba kanthu. Anati mbali yosalembayo ndi ya amayi, ndipo malo anasungidwa kale pambali pa bambo, m'dothi lodalitsidwa. Anachikhoma pabalaza pathu osapempha. A Biswick pobwera kuntchito sanachichotse, anangokhoma pambali pake chithunzi cha kachisi, cham'mwamba pang'ono. Lachitatu a Marjorie anadzakweza chawo. Pofika Lachisanu zithunzi zonse ziwiri zinali pafupi ndi siling'i, khoma la eni nyumba lili ndi mabowo asanu ndi limodzi. Apongozi anga ankadya tsiku lililonse moyang'anana ndi theka la mwala lomwe linkawadikira.

Kenako alamu anga anabwera ndi galimoto n'kuwatenga amayi kupita nawo ku Tottenham, ati kwathu tiwapotoza mutu. Kumeneko ankawatengera ku Misa m'mawa uliwonse, ndi kuwaimbira foni achibale a ku Dedza mmodzimmodzi kuti awauze kuti katekisiti sasamutsidwa. Anakhalako masiku anayi. Tsiku lachisanu amuna anga anakawatenga, ati Akatolika akuwaopseza ndi moto. Zoona zake n'zakuti panalibe woperekeza ana athu, Fiona ndi mng'ono wake, kusukulu, ine ndili pa shifiti yam'mawa. Apongoziwo atabwera ndinawafunsa kuti kunali bwanji, anati kunali bwino, kungoti sofa ya a Marjorie ndi yolimba.

Aliyense anapita kwa mkulu wake kukatenga zida. Ansembe a ku Tottenham anauza a Marjorie kuti asadandaule, madzi amene Mpingo suwazindikira sangasunthe munthu pomwe Mulungu anamuika, chofunika n'kusamala mayi amoyowo. A Marjorie anabwerako atakwiya, ati ansembe a masiku ano ndi ofewa ngati buledi woviika. Bishopu naye anauza a Biswick kuti chilolezo chochita kukakamiza si chilolezo. A Biswick anati bishopuyo ndi mzungu, sadziwa mmene timakambirana ndi makolo kwathu. Anthu awiriwa ankati angathe kufera ulamuliro wa mipingo yawo, koma ulamulirowo ukanena zosawakomera ankausiya panja ngati ambulera.

Kuntchito kwanga, gogo wachizungu akakana kusamba timamusiya, n'kulemba m'buku kuti lero wakana. Ngakhale gogo woti saudziwa mwezi, ngakhale woti amanditchula dzina la mphaka wake, ayi wakeyo amalembedwa ndi cholembera. A Marjorie kuchipatala kwawo amachita chimodzimodzi, sabaya munthu jakisoni asanamufunse. Ndinkati ndikaweruka n'kupeza apongozi anga akusita mayunifolomu a ana ndi dzanja limodzi, ana awo akuwagawana pafoni, mtima unkandinyamuka.

Ndinayesa kulankhula kamodzi. Tikupinda zovala ndinafunsa amuna anga ngati akukumbukira bwino za njinga ija. Anandiyang'ana nati za pabanja la a Chisenga ndizisiye, ine ndine wobwera. Ndinapsa mtima koma ndinameza. Malaya awo oyera a kutchalitchi ndinawapinda moipa dala.

Lamulungu lachitatu anagwirizana kuti nkhaniyi ithe. Ana tinawatumiza kwa aneba. A Biswick anaika patebulo pepala lomwe analemba okha lakuti mayi alola, cholembera chili pamwamba. A Marjorie anaikapo buku la mapemphero la malemu. Anayambiranso za makiyi zija. A Biswick anati unsembe wawo akhoza kuutchula mzere wake wonse, amene anawasanjika manja, ndi amene anasanjika ameneyo, mpaka kukafika kwa Petulo, ndipo anatulutsadi kakhadi m'thumba. A Marjorie anakayang'ana nati mzere wa ku positi ofesi ndi wautali kuposa umenewo. Apa m'pamene apongozi anga analankhula.

"Biswick, bambo ako ukawabatiza, asamuka?"

Amuna anga nkhope inawala. Anati inde, akavomera kumene aliko ndiye kuti alowa mwathu, ndipo malo awo adzakhala ena, apamwamba. Apongozi anatembenukira kwa a Marjorie kufunsa ngati zilidi choncho. A Marjorie, pofuna kuwaopseza, anati munthu wovomera ubatizo wachilendo wadzichotsa yekha mu Mpingo, ndipo komwe adzapite amayiwo sakamupezako.

"Sindikawapezako?"

"Simukawapezako, amayi."

"Patse cholembera."

Anasaina ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. A Marjorie anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. A Biswick anaimirira n'kuyamba kuthokoza Atate akumwamba maso atatseka. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi kansalu kopukutira mbale, ndipo kunena zoona ndinafuna kuseka, chifukwa m'nyumba monsemo ndine ndekha amene ndinamva chimene mayiwo asainira.

Akanakhala chete amuna angawo, bwenzi zitathera pomwepo. Koma a Biswick akapambana pakamwa pamawayabwa. Anayamba kufotokoza kuti ubatizowo ndi chiyambi chabe. Chachikulu ndi mwambo wa kukachisi womanga mwamuna ndi mkazi kuti asadzasiyanenso ngakhale kumwamba. Amayi akadzatisiya, pakadzatha chaka, iwo adzagwada paguwa m'malo mwa bambo, ine ndidzagwada m'malo mwa amayi, tidzagwirana manja, ndipo makolowo adzakhala banja mpaka muyaya. Mawu akuti muyayawo anawanena kawiri, akumwetulira.

Apongozi anafunsa kuti chilolezo cha zimenezo adzapereka ndani, poti iwo adzakhala atapita. A Biswick anati mwana aliyense wa malemu akhoza kupereka, ndipo iwo ndi mwana. A Marjorie analumpha, ati zimenezo sizidzachitika iwo ali moyo, amayi ndi bambo Mpingo unawamanga kale, ndipo akagona limodzi pansi pa mwala umodzi kudikira lipenga.

Apongozi anga anaika kolona patebulo. Anakokera dzanja la juzi m'mwamba mpaka paphewa, mkono uja n'kuonekera wonse, woonda, wokhota, fupa litatuluka pambali pomwe linalumikizana molakwika.

"Anandiuza kuti mpaka imfa," anatero, mawu ali pansi. "Ndinamvera. Ndinapirira zaka makumi anayi ndi chimodzi mpaka imfayo inabwera. Lero wina akuti ndikagone nawo m'dothi, wina akuti ndikakhale nawo kumwamba. Kodi ine kuweruka kwanga n'liti?"

Apongozi anafunsa a Biswick kuti tsiku la musi lija anali kuti. Anawayankhira okha kuti anali kunsi kwa bedi, zala zili m'makutu. Anafunsa a Marjorie kuti anatunga madzi otsukira magazi pakhonde ndani, ndipo anauza asisitere kuchipatala kuti ndi njinga ndani.

"Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sindikukuimba mlandu. Koma pano uli ndi zaka makumi anayi, ndiponso ndiwe namwino. Njinga imathyola chonchi?"

Ine ndimati wina agwada n'kuwagwira miyendo mayi ake. A Biswick anakonza taye nati bambo asintha kumene aliko, mizimu imaphunzitsidwa, ndipo Mkhristu amakhululuka. A Marjorie anapukuta misozi nati inde, komanso si bwino kunena zotere za munthu amene parishi yonse imamulemekeza, anthu akamva adzati chiyani. A Biswick anagwedeza mutu kuvomereza. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu, Roma ndi America anagwirizana.

Pamenepo zinandikwana. Ndinalowa pabalaza ndi kansalu kanga n'kunena kuti maondo angawa sadzagwada paguwa limenelo m'dzina la amayi, olo andichotse mumpingo mawa lomwe. Amuna anga, osandiyang'ana n'komwe, anati kukachisi azimayi ogwada ndi ambiri. Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona.

Apongozi anafunsa ngati wakufayo, akamangidwa choncho, ali ndi mphamvu yokana. A Biswick anazengereza, koma pa za chiphunzitso sanama. Anati inde, wakufa amasankha yekha, kuvomera kapena kukana. Apongozi anatembenukira kwa a Marjorie n'kufunsa ngati mtembo umakana. A Marjorie anayang'ana pansi.

"Chabwino. Pepalalo sindilanda. Bambo anuwo gawanani, wina atenge mafupa, wina mzimu. Ine ndisiyeni."

Anatsitsa dzanja la juzi, natenga kolona yawo, n'kulowa kuchipinda. Kenako a Marjorie anati ali ndi shifiti, a Biswick anati ali ndi msonkhano wa unsembe, ndipo nkhuku ya tsikulo ndinaiika m'furiji yosakhudza.

M'mawa mwake sindinali pa ntchito. Titaperekeza ana kusukulu, apongozi anandilembetsa makalata awiri onena kuti thupi lawo lisadzakwere ndege, lidzaikidwe kunkuno. Ina anati ndikapereke kwa ansembe aja a Marjorie ankawanena kuti ndi ofewa, ina ndisunge ndekha pomwe a Biswick safika. Atasaina anandiuza kuti ndiwaonetse komwe anthu a kuno amagona.

Tinakwera basi kupita kumanda aakulu a m'dera lathu. Kunali kuzizira kwa Novembala kuja, kolowa m'makutu. Anayenda m'mizere ya miyala chitenje chili pamwamba pa chikhoti, ine ndikuwawerengera mayina, Agiriki, Aairishi, anthu a ku Jamaica. Anafunsa ngati alipo amene ndikumudziwa, ndinati palibe. Anafunsa ngati alipo wa ku Dedza, ndinati sindinamuone. Anati ndiye pano ndi pabwino.

Tinakhala pabenchi. Ndinatulutsa fulasiki ya tiyi, yemwe ndinamuphika amuna anga atachoka, n'kuwathirira m'kapu. Anamwa pang'ono, maso ali pamiyala.

"Za dothizi tathana nazo," anatero. "Za kumwambazo akuti ndikakana ndekha. Koma mayi a Fiona, munthu uja sindinamukanepo pamaso. Akangokhosomola ndinkaimirira. Ndikuopa kuti ndikakafika kumeneko n'kundiitana, miyendoyi ikanyamuka yokha."

Anati ndiwaitane mmene ankaitanira malemu, kuti ayeserere. Ndinakana, ndinati ine mtengwa sindingatchule dzina la apongozi anga pakamwa panga, makamaka kumanda, anthu akutiona. Anati anthu ake ndi akufawa, ndipo Chichewa sakumva. Anandiphunzitsa kuti malemu ankayamba ndi kukhosomola, kenako dzina, kenako mawu awiri basi.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinakhosomola, n'kukulitsa mawu.

"Effie. Tiye kunyumba."

Tiyi anatayikira pachitenje. Ndinawaona akunyamuka pabenchipo, mayi wa imvi mutu wonse, msana utawerama kale, maso ali pansi. Anafika theka. Anaima choncho kanthawi, osakhala, osaimirira, ndipo ine ndinafuna kuwapepesa. Kenako anabwerera pabenchi.

"Ayi," anatero. Mawuwo anali aang'ono kwambiri, ndinachita kutchera khutu.

Anapukuta tiyi pachitenje, nakhazika kapu pambali.

"Itananinso."

Ndinaitananso. Mabasi awiri anadutsa pageti ife tili pomwepo.